Musamusiye Mulungu pachipata cha Dedza

Lachinayi lapitali ndinaperekeza mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Chinsapo, kukakwera basi ya ku Joni. Tinapeza anthu atadzaza kale, aliyense ndi katundu wake: matumba a mpunga, nyemba, mtedza, usipa wokulunga m'mapepala kuti fungo lisamveke. Amayi ake anamugwira dzanja n'kuyamba kupemphera pompo, pambali pa tayala la basi, anyamata olongedza katundu akutikuwira kuti tiwapatse njira. Atanena ameni, mnyamatayo anandiyang'ana nati, "Amalume, inu munakhalako kumeneko, ndiuzeniko mawu." Mawu anandithera pakhosi. Ndinangomugwira paphewa n'kumuuza kuti ndidzamulembera.

Kalatayo ndi ino. Ndaiika poyera chifukwa wapita si iye yekha. Kutchalitchi kwathu kuno ku Area 25 kwaya ya achinyamata yayamba kuoneka mipata: wina ali ku Johannesburg, wina ku Cape Town, wina ku Durban. Mundilole ndikhale malume wa nonsenu lero, kaya ndinu a CCAP ngati ine, Akatolika, a Seventh Day kapena a mipingo ya chipentekoste. Ndinapita ku Joni mu February 2007, ndinabwerako mu December 2019. Ndinayamba ndi ganyu ya m'maluwa cha ku Randburg, kenako ndinaphunzira kupenta nyumba. Lero ndili ndi kagolosale ka penti ndi misomali. Zimene ndikulembazi zina ndinazichita bwino, zambiri ndinaziphunzira nditagwa kale.

Kuno ku Lilongwe chikhristu chili ndi ochigwirizira ambiri, mwina simunazindikire. Lamulungu m'mawa belu limalira, amayi amagogoda pachitseko, aneba amakuonani ngati mwatsala pakhomo. Mkati mwa sabata kuli mlaga kapena mphakati. Kukagwa maliro mumachezera kuimba. Ngakhale mu minibasi ya ku Kawale mumatha kupeza mlaliki ataimirira ndi Baibulo. Munthu umangoyenda m'madzi omwe anzako akuyenda. Tsono basi ikanyamuka zogwirizira zija zimatsala chimodzichimodzi. Mukadutsa Nathenje, pa Kamphata phiri la Nkhoma limakuperekezani kudzanja lamanzere. Pachipata cha Dedza mumadinditsa pasipoti, mumalowa m'dziko la Mozambique, kutentha kwa ku Tete, mlatho wa Zambezi, Nyamapanda, Harare, mzere wautali wa pa Beitbridge, Musina, mpaka pa Park Station ku Johannesburg miyendo itatupa. Mukatsika pamenepo palibe akudziwa kuti ndinu mwana wa yani, munabatizidwa liti, kapena kuti munkatsogolera kwaya. Mutha kuchita chilichonse ndipo palibe akakaneneze kwa abusa. Ambiri timagwera pamenepo. Sitimukana Mulungu ndi pakamwa ayi, timangomusiya pachipata ngati katundu woti tidzamutenga pobwerera.

Werengani Genesis 28 usiku uno ngati mungathe. Yakobo anachoka kwawo ali yekha, dzuwa linamulowera pamalo osawadziwa, anatsamira mwala n'kugona. Atadzuka anavomera kuti Yehova analipo pamalopo, iye osadziwa. Ine ndinagona miyezi itatu pa katoni, m'kachipinda ka malata ku Diepsloot, tili anthu asanu, ndipo sindinkaganiza n'komwe kuti Mulungu angakhale m'malo onunkha parafini ngati amenewo. Analimo. Ndimomwe anandisungira moyo.

Chinthu choyamba chimene chimatha ndi pemphero la m'mawa, ndipo chimatha mwakachetechete. Mumadzuka 4 koloko kuti mukapeze takisi, m'nyengo yozizira ya June ndi July kunja kuli mdima bii mpaka cha m'ma 6, madzi a m'ndowa ali zii ngati akuluma zala. Mumati ndipemphera ndikafika kuntchito. Kuntchito bwana akudikira. Madzulo mwatopa, anzanu akuonera mpira pa foni, mumagona. Sabata imatha, mwezi umatha. Danieli anali kapolo m'dziko la eni, wantchito wa mfumu yosadziwa Mulungu, koma anali ndi nthawi zake zitatu patsiku zogwada, mazenera atatsegukira ku Yerusalemu, monga ankachitira kale. Mawu akuti monga ankachitira kale ndi amene ndimawakonda pa Danieli 6:10. Tsiku la mikango linamupeza ali ndi chizolowezi kale. Inunso sankhani nthawi yanu sabata yoyamba yomweyi, musanazolowere moyo wopanda pemphero. Isakhale yaitali. Mphindi khumi zomwe mungazisunge tsiku ndi tsiku zimaposa ola limene mungalisunge kamodzi pamwezi. Ine malo anga anadzakhala kanyumba kosungira mafosholo ndi makina otchetchera kapinga kuseri kwa nyumba ya bwana. Ndinkafika msanga dala, kukhala pa chitini cha penti, kuwerenga mutu umodzi wa Miyambo molingana ndi deti la tsikulo, popeza mitu yake ndi 31, kenako kutchula mayina a ana anga pamaso pa Mulungu mmodzimmodzi. Baibulo la Chichewa masiku ano lili pa foni, Buku Lopatulika lomwe lija, ndiye nkhani yoti ndinaliiwala kumudzi palibenso. Komabe ngati muli ndi la pepala ligwiritsitseni, chifukwa pa foni uthenga wa WhatsApp umalowa pakati pa vesi.

Pali mwayi wina umene anzathu a ku Ireland kapena ku America alibe: nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi ndi imodzi. Ikakwana 9 koloko usiku ku Johannesburg, ku Mtandire yakwananso 9 koloko. Ine ndi mayi a kunyumba tinapangana, titadutsa m'mavuto omwe ndifotokoze kutsogoloku, kuti 9 koloko aliyense agwade komwe ali, kaya mayunitsi alipo kaya palibe. Panali masiku omwe ndinkafuna kupita kosayenera, koma kukumbukira kuti pa ola lomwelo mkazi wanga wagwada pamkeka akunditchula dzina, miyendo inkalemera.

Mpingo mupeze msanga, Lamulungu lachiwiri lisanadutse. Amalawi alipo ambiri kumeneko ndipo amasonkhana m'makalasi a sukulu, m'magalaja, m'maholo obwereka, kuimba nyimbo zomwe zija za kwathu. Funsani, safunsa anadya phula. Ngati munachoka osatenga kalata yosamukira, tumizani uthenga kwa akulu a mpingo kuno akutumizireni, musachite manyazi. Mukapanda kupeza Amalawi lowani m'tchalitchi cha eni dziko, ngakhale Chizulu kapena Chisutu musakuchimva. Mgonero ndi womwewo. Ambiri a inu mudzauzidwa kugwira ntchito Lamulungu, makamaka a m'malesitilanti ndi olondera. Sindikuweruzani, ndinagwirapo. Koma pemphani bwana mwaulemu Lamulungu limodzi kapena awiri pamwezi, ndipo likapezeka musalithere kuchapa ndi kugona. Ahebri 10:25 amatichenjeza za kuleka kusonkhana, ndipo akunena kuti ena anachita kuzolowera. N'zoona, kujomba kumazolowereka.

Pofuna mpingo chenjerani. Munthu wosowa ntchito ndi mapepala ndi nyama yofewa kwa ogulitsa zozizwitsa. Mudzapatsidwa timapepala m'misewu ya m'tauni, mudzamva za mafuta odzoza, madzi, zomata pachitseko, ndi kulipira kuti muonane ndi munthu wa Mulungu pa awiri. M'dziko limenelo zinafika poti anthu anadyetsedwa udzu, ena kupoperedwa mankhwala ophera tizilombo kumaso, mpaka bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe linachita kafukufuku n'kutulutsa lipoti mu 2017. Ndinaonapo mlongo wina wa ku Dowa, wantchito ya m'nyumba, atapereka malipiro a mwezi wathunthu kuti amupempherere apeze pemiti. Pemiti sinabwere, ndipo ana ake kumudzi anabwezedwa kusukulu mwezi umenewo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mpingo wabwino mudzauzindikira mukadwala: amabwera kudzakuonani ndi phala, osati ndi envulopu yoti muikemo mbewu.

Za kuntchito. Mukaona pa zikwangwani za m'mashopu kapena pa Facebook anthu akulemba kuti akufuna wantchito wa ku Malawi, dziwani kuti mbiri imeneyo sinagwe kumwamba. Anaipanga ndi azigogo ndi azibambo athu, ena a iwo osadziwa n'kulemba komwe, amene ankapatsidwa makiyi a nyumba bwana n'kupita kutchuthi mwezi wathunthu, pobwera n'kupeza ngakhale khobidi lomwe linagwera pansi pa mpando laikidwa patebulo. Mukudya thukuta lawo. Musaitayire m'matope chifukwa cha kashuga, kabotolo ka mowa ka m'kabati, kapena dirilo yomwe bwana sakuigwiritsa ntchito. Kuba kwa kuntchito sikuyamba ndi zazikulu. Kumayamba ndi mawu akuti iwowa ali nazo zambiri, sangadziwe. Yosefe m'nyumba ya Potifara anali ndi zonse m'manja mwake, ndipo tsiku lomwe m'nyumba munalibe munthu wina aliyense anakumbukira kuti kuchimwa kwake kukhala kuchimwira Mulungu. Ntchito zathu zambiri ndi za m'nyumba mopanda anthu. Vesi limenelo ndi lathu.

Koma kukhulupirika sikutanthauza kuti muzingoponderezedwa muli chete. Bwana wina ananditsekereza malipiro a miyezi iwiri, nditamupentera nyumba yonse, akudziwa kuti mapepala anga sanali bwino. Ndinalira ngati mwana, ndipo usiku umenewo ndinaganiza zoipa zambiri zoti ndimuchite. Mkulu wina wa mpingo anandiwerengera Yakobo 5:4, pomwe akunena kuti malipiro obisidwa a antchito amafuula ndipo Ambuye amamva, kenako anandiuza kuti kulira kokha sikukwanira, tiyeni tikadandaule. Kuli bungwe lotchedwa CCMA lomwe limamva madandaulo a antchito popanda kulipira, ndipo lamulo la ntchito la dzikolo limateteza ngakhale mlendo. Kuyambira pa 1 January 2019 kulinso lamulo la malipiro ochepetsetsa, lomwe linayambira pa R20 pa ola ndipo limakwezedwa chaka ndi chaka. Funsani kuti pano lili pati. Lembani m'kabuku masiku ndi maola omwe mwagwira. Mkhristu amakhululuka, inde, koma chilungamo nachonso ndi cha Mulungu.

Nkhani ya mapepala ndi yowawa ndipo sindikufuna kunama. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 okha ochezera, osati ogwirira ntchito. Kuyambira mu 2014, mukapitirira masiku anu amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikolo, ndipo mutha kuletsedwa kulowanso chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Ogwidwa amatengeredwa ku Lindela, cha ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Mudzapeza anthu okuuzani kuti bweretsa pasipoti ikadindidwe iwe uli pompano, ena okugulitsani pemiti kapena chitupa cha dzina la munthu wina. Ine ndinatumizapo pasipoti kangapo m'zaka zoyamba. Ndinkadziuza kuti aliyense akutero, koma pa Mgonero mtima unkandigunda, chifukwa ndinkadziwa kuti chidindocho chikunena bodza m'malo mwanga. Sindingakuuzeni kuti njira yoongoka ndi yophweka, ndipo ndikudziwa kuti njala ya kumudzi ndi imene yakutumani. Chomwe ndikupempha n'chakuti musalole chikumbumtima chife. Musatenge dzina la munthu wina. Dzina lomwe munabatizidwa nalo likhale lomwe mukuyendera. Funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg za njira zovomerezeka, ndipo tsiku lomwe mwaona kuti kukhala kumeneko kukufuna kuti moyo wanu wonse ukhale bodza, kubwerera kumudzi si manyazi.

Tsopano ndinene za kugwa kwanga, chifukwa mwina wina wa inu wayamba kale kutsetsereka.

Chaka chachiwiri ndalama zinayamba kuoneka. Ndinasamuka pa katoni paja, ndinapeza kachipinda kangakanga, ndinagula wailesi ndi jekete yachikopa. Loweruka anzanga ankandiitana kukaotcha nyama, botolo limodzi, kenako awiri. Lamulungu mutu unkalemera. Kutumiza ndalama kunayamba kudumphadumpha, ndipo chifukwa cha manyazi ndinasiya kuimba foni, chifukwa ukaimba amafunsa. Kenako panapezeka mayi wina amene tinati tingothandizana lendi. Mawu amenewa, tingothandizana lendi, agwetsa mabanja ambiri a ku Malawi kuposa china chilichonse chomwe ndinachiona kumeneko. Miyezi isanu ndi itatu inadutsa osalankhula ndi mkazi wanga. Iye kuno ankakazinga mandazi usiku n'kukagulitsa pamsewu kuti ana adye. Mwana wathu wamkazi anadwala malungo mpaka kugonekedwa, ine ndinamva patatha mwezi, kwa munthu wodutsa.

Pafupi ndi pomwe ndinkakhala panali gogo wina wa kwathu. Anabwera ali mnyamata m'nthawi ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, ndege yake ija isanagwe ku Francistown mu April 1974, ngozi yomwe inapha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi ochokera kumigodi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Anzake anabwerera, iye anatsala. Anali mtchona weniweni. Chichewa chake chinali chitasakanikirana ndi Chizulu, koma akakhuta ankaimba nyimbo ya ku Sande sukulu mawu onse osaphonya, misozi ili mbwembwembwe. Ankandiitana kuti mwana wa kwathu. Nthawi zonse ankati chaka chamawa ndipita, ndingopeza kaye ya bulangeti la amayi. Amayi akewo ayenera kuti anali atamwalira kalekale.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 2009, yekha m'chipinda. Tinafufuza m'kasutikesi kake kuti tipeze adiresi kapena dzina la mfumu ya kwawo. Tinapezamo malaya awiri, chithunzi chofufuma cha mayi atanyamula mwana, ndi kabuku ka nyimbo kopanda chikuto. Mudzi wake palibe ankaudziwa, ena ankati Ntchisi, ena Kasungu. Tinamuika konko, anthu osakwana khumi, popanda mfumu, popanda adzukulu, popanda amayi a Chigwirizano oimba. Bokosi litatsika wina anati, "Achimwene, inu paja munali a kwaya, tipempherereni." Ndinavula chipewa, ndinatsegula pakamwa, ndipo munalibe kanthu. Ngakhale Atate wathu wa Kumwamba ndinasokoneza pakati. Ndinayang'ana m'dzenjemo ndipo ndinadziona ndekha zaka makumi atatu kutsogolo. Gogoyo sanapange tsiku loti lero ndikutchona. Anangodumpha kalata imodzi, Khirisimasi imodzi, Lamulungu limodzi.

Usiku womwewo ndinagula mayunitsi n'kuimba. Mkazi wanga atamva mawu anga anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo a ana, muli moyo?" Ndinamuuza zonse, osabisa. Sizinathe tsiku limodzi. Panafunika ankhoswe, panafunika kuti ndibwere ndidzakhale pansi ndi akulu a mpingo, ndinaimitsidwa Mgonero kwa kanthawi, ndipo tonse awiri tinakayezetsa magazi tisanayambenso kukhala monga banja. Chilonda chake chinatenga zaka kuti chipole. Pa Luka 15, mwana wolowerera uja asananyamuke ulendo wobwerera, choyamba anakumbukira mumtima mwake. Ngati mwatha milungu osaimba kunyumba chifukwa cha manyazi, imbani lero, ngakhale mulibe kanthu kotumiza. Amayi anu akufuna mawu anu kuposa ndalama za pa Mukuru.

Kwa inu achemwali ndi ana anga aakazi, mayesero anu ndi olemera kuposa athu. Mukafika mulibe pogona, ndipo pamapezeka mwamuna, nthawi zambiri Mmalawi mnzathu, wokoma pakamwa, wokhala ndi chipinda. Ambiri mwa amuna amenewa ali ndi akazi ndi ana kuno. Funani amayi a mumpingo musanafune wina aliyense. Kugona anthu anayi pa matiresi amodzi ndi amayi opemphera n'kwabwino kuposa bedi lomwe mudzalilipire ndi moyo wanu. Ndipo inu anyamata, mtsikana wa kwathu akafika wosowa pogwira, ameneyo ndi mlongo wanu.

Pa ndalama ndinene mwachidule. Paulo pa 1 Timoteo 5:8 akuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Ndiye kutumiza ndalama kunyumba ndi mbali ya kupembedza kwanu. Tumizani tsiku lomwe mwalandira, zisanagone m'thumba. Masiku ano n'kosavuta, zimafika pa Airtel Money kapena Mpamba nthawi yomweyo. Patulani cha Mulungu poyamba, kaya mupereka komwe mukupemphera kaya kumpingo wa kumudzi. Lowani chipereganyu ndi anthu odziwika bwino, ndipo lowaninso bungwe la maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka ku Joni kufika ku Lilongwe kumadya ndalama zoti banja silingazipeze mwadzidzidzi. Kubetcha mpira pa foni kuthaweni ngati moto. Ndipo musanamize a kumudzi ndi zithunzi zojambulitsa pa galimoto ya bwana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu kuno zinakwera mitengo koopsa, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amamuona ngati nkhokwe. Mukadzionetsa olemera, zopempha zidzakuchulukirani mpaka mudzayamba kuzimitsa foni, ndipo kutchona kumayambira pomwepo. Auzeni zoona: ndimalandira mwakuti, lendi ndi mwakuti, ndingathe kutumiza mwakuti.

Mudzatchedwa makwerekwere, dzina lonyozera alendo. Mudzanyozedwa m'takisi chifukwa cha kalankhulidwe kanu. Ndinalipo mu May 2008 pamene chipolowe chothamangitsa alendo chinayambira ku Alexandra n'kufalikira mpaka ku Diepsloot ndi madera ena, anthu 62 n'kuphedwa. Zinabweranso mu April 2015 ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu, ndiponso mu September 2019 ku Johannesburg. Sindikukuopsezani, koma muzikhala tcheru, pasipoti ndi kandalama ka thiransipoti zizikhala pamalo amodzi. Chomwe ndikuopa kwambiri ndi chidani chomwe chimamera mumtima pambuyo pake. Mu 2008 amene anandibisa masiku atatu, ine ndi mnzanga, anali mayi wachikulire wa konko, wovala yunifolomu ya amayi a mpingo wa Methodist. Anatiika kuseri kwa kabati, ndipo anyamata atabwera ndi zibonga anaima pakhomo n'kuwauza kuti m'nyumba mwake muli ana ake okha. Madzulo ankatipatsa papa, nsima ya kumeneko, ndi kabichi, n'kupemphera m'chinenero chake, ife tikuyankha ameni m'chathu. Chichokereni pamenepo sindinathenso kunena kuti anthu a ku South Africa ndi oipa onse. Yeremiya 29 ndi kalata yopita kwa anthu omwe anatengedwa ukapolo ku Babulo, ndipo Mulungu akuwauza kuti amange nyumba, alime minda, afunire mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wa mzindawo ndiwo mtendere wawo. Ambiri timathamangira vesi 11, la malingaliro abwino aja, n'kudumpha vesi 7. Pemphererani Johannesburg. Pemphererani bwana wanu ndi ana ake, mwini nyumba yomwe mukuchita lendi, ngakhale woyendetsa takisi amene wakutukwanani m'mawa. Phunzirani moni wa m'chinenero chawo. Anthu ambiri a m'makomboni amenewo akuvutika ndi ulova ngati ife tomwe.

China chaching'ono koma chapha anthu athu: kukazizira musagone ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka. Utsi wake sumveka fungo, mumangogona osadzukanso. Itulutseni panja musanagone, ndipo sitovu ya parafini muzimitse. Thupi lanu ndi kachisi wa Mulungu, ndipo kuno kuli anthu akulidikira.

Padzakhala masiku omwe mudzapemphera koma kumwamba kuli ngati kwatsekedwa ndi malata. Ntchito yatha, lendi yakwana, kumudzi kwagwa maliro a munthu amene munkamukonda ndipo simungathe kupita, mukungoonera pa foni anthu akuponya dothi. Ine bambo anga anaikidwa ndili pa makwerero ndikupenta khoma la munthu. Ndinatsika, ndinakakhala kuseri kwa nyumba, ndinatsegula Salimo 121, ndipo ndinalephera kupitirira vesi loyamba chifukwa m'maso mwanga munkangobwera phiri la Nkhoma monga limaonekera pa Kamphata. Vesi lomaliza ndinaliwerenga patapita masiku, lija lonena kuti Yehova adzasunga kutuluka kwako ndi kulowa kwako. Masiku otero musakhale nokha. Itanani abale a mumpingo abwere adzakhale nanu, aimbe nyimbo ziwiri zitatu monga timachitira pa siwa kuno. Kali kokha n'kanyama. Ndipo mnzanu zikamugwera, inunso pitani, ngakhale mwatopa chotani.

Iwe mphwanga, amayi ako anandiuza dzulo kuti unafika bwino ndipo ukugona kwa mnzako uja wa ku Likuni. Akuti chiyambire Lachinayi sakudya bwino, amangoyang'ana foni. M'thumba la mtedza lija, pansi penipeni, anaikamo Baibulo la malemu agogo ako atalikulunga m'chitenje, ngati sunalipeze fufuza. Lamulungu likubwerali ndikaweruka kutchalitchi ndipita ku Chinsapo ndipo ndikhala komweko mpaka usiku. Ikakwana 9 koloko uimbe, ndidzakhala nditatsegula kale Genesis 28, iwe udzawerenge kuyambira vesi 10, amayi ako adzatseke ndi pemphero.